Ndinaoda tizikumbu ta ladybird tothana ndi nsabwe m'dimba: timphutsi tili bho, tamapiko ndi kanyumba ayi

Kwa amene muli pa changu ndingonena kaye chachikulu: ngati mukufuna kugula tizikumbu ta ladybird tamoyo kuti tidye nsabwe pa mbewu zanu, gulani timphutsi take osati tatikulutikulu tamapiko. Kanyumba kamatabwa kaja amakuonjezerani kuti tizigonamo kasiyeni komweko, pokhapokha ngati mukungofuna chokongoletsera dimba. Ine ndinatenga zonse zitatu pa oda imodzi, kabotolo ka tatikulu, kabokosi ka timphutsi ndi kanyumbako, nde ndikufuna ndifotokoze chilichonse mmene chinachitira chifukwa zimene amalemba otsatsa malonda ndi zimene zimachitika pa tsamba la nyemba zimasiyana ndithu. Dzina la shopu sinditchula, ogulitsa zimenezi pa intaneti alipo ambiri ndipo katundu wawo ndi wofananafanana.

Kachikumbu kamene ndikunena ndi kaja kofiira kozungulira msana, kakang'ono mamilimita 7 kapena 8 basi, ka madontho akuda asanu ndi awiri. Mukakagwira muwerenge bwino, atatu ali phiko ili, atatu phiko linalo, lachisanu ndi chiwiri lili pakati chakumutu pomwe mapiko olimba aja amakumana, theka uku theka uku. Pafupi ndi mutu pali timabanga tiwiri toyera tomwe anthu ambiri amayesa maso koma si maso ayi. Pa lebo analemba dzina lake la sayansi, Coccinella septempunctata, lomwe katswiri wa sayansi Carl Linnaeus anakapatsa mu 1758, ndipo dzina limeneli ndi chinthu choyamba kuyang'ana musanalipire, chifukwa chake ndinena kutsogoloku. Kwawo kwenikweni ndi ku Europe, ku Asia ndi kumpoto kwa Africa, ku Finland mpaka anakasankha kukhala kachilombo koimira dziko lawo. Zija amanena zoti madontho amaonetsa zaka zake ndi nkhambakamwa chabe, kamakhala ndi moyo chaka chimodzi kapena kupitirirako pang'ono ndipo madonthowo sawonjezereka.

Chimene munthu umafikira poodera tizilombo pa intaneti ndi nsabwe. Amene munalimapo nyemba, kabichi, tsabola kapena maluwa a rozi mukudziwa mmene zimatopetsera, lero muona zochepa kunsonga kwa mphukira, mukabwera sabata inayo nsonga yonse yachita bii, masamba apiringizika, pansi pake pakumata. Nyengo yofunda nsabwe yaikazi sifuna yaimuna, siikiranso mazira, imangobereka tiana tamoyo tatikazi tokhatokha ndipo kamwana kobadwa lero pakatha sabata kapena kupitirirako pang'ono nako kayamba kubereka. Zimayamwa madzi a mbewu n'kumatulutsa timadzi totsekemera tonanda, pa timadzi timeneti ndi pomwe pamamera nkhungu yakuda ija imaphimba tsamba, komanso zimanyamula ma virus kuchoka pa mbewu yodwala kupita pa yabwinobwino. Nde ukamva kuti pali kachikumbu koti patsiku kamatha kudya nsabwe makumi angapo, kena mpaka kupitirira 50, mtima umangoti eya bweretsani.

Phukusi linafika mwachangu, apa sindingawanamizire. Analilemba kunja kuti muli zamoyo, mkati anaikamo zotetezera kuti zisagwedezeke kwambiri. Tatikulu tinali m'kabotolo kapulasitiki koboola timabowo pachitsekero, mkati muli timapepala tong'ambang'amba toti tizigwirapo, ndipo nditangotsegula katoni tinali tayamba kale kuyendayenda. Timphutsi tinali m'kabokosi kafulati kokhalanso ndi timapepala ndi kachakudya pang'ono. Takufa tinalipo koma tochepa. Chimene muyenera kudziwa ndi choti phukusi ili si loti lifike inu muli koyenda n'kukhala padzuwa tsiku lonse, konzani kuti pakhale munthu wolilandira, chifukwa timphutsi tikamva njala timadyana tokhatokha, kakakulu kamagwira kakang'ono n'kukamaliza. Kabokosi kakagona masiku mudzapeza tochepa tonenepa mmalo mwa tambiri tomwe munalipira. Kapepala ka malangizo nako kanali kachidule kwambiri, zinthu zofunika zenizeni anazilemba mzere umodzi umodzi ngati ndi zazing'ono.

Ndiyambe ndi tatikulu, tomwe ndi timene timakopa anthu chifukwa ndi timene tili pachithunzi. Malangizo amati muthirire mbewu kaye, mutitulutse madzulo dzuwa litalowa kunja kukuzizira, mutiike m'munsi mwa mbewu yomwe ili ndi nsabwe kuti tikwere tokha. Zonsezi ndinachita. Usiku umenewo tinakweradi, ndinatiunika ndi tochi ya pa foni tili kalikiliki kudya, ndinagona ndikusekerera. Kutacha dzuwa litangotentha, kamodzi kakwera kunsonga kwa tsamba, katsegula mapiko ofiira aja, katambasula enanso opyapyala amkati, uko kapita. Kenako kena. Pasanathe masiku ambiri kuti upeze olo kamodzi unkachita kufufuza tsamba ndi tsamba. Nsabwe zinachepako pa mbewu ziwiri zitatu zomwe ndinathirapo tambiri, koma dimba lonse ayi.

Izi si vuto la shopu imeneyi yokha, ndi mmene kachikumbu kakakulu kalili. Kali ndi mapiko ndipo palibe chimene mwakalonjeza. Akatswiri a za tizilombo ku University of California akhala akunena kuti tizikumbu togula tikatulutsidwa panja, tambiri timauluka m'masiku owerengeka oyambirira. Ku America timene amagulitsa kwambiri ndi mtundu wina wotchedwa Hippodamia convergens, saweta ayi, amakatitola m'mapiri a Sierra Nevada ku California komwe timaunjikana miyandamiyanda nyengo yozizira, nde tikadzuka kutulo kumeneko chibadwa chake ndi kuuluka kaye mtunda wautali tisanakhazikike n'kuyamba kuikira. Inu mwalipira, anansi anu kapena munthu wina wakutali ndi amene apindule kkkk. Tanga ogulitsa ankati ndi toweta osati totola kutchire, mwina n'chifukwa chake tina tinachedwerako, koma mapeto ake anali omwewo.

Chabwino chimodzi ndisabise: tisanapite tina tinaikira. Pansi pa masamba a nyemba pafupi ndi pomwe nsabwe zinaunjikana ndinapeza timagulu ta timazira tachikasu, tosongoka, toimirira mothithikana, gulu limodzi timazira khumi kapena makumi angapo. Amenewa ndi amene anadzandithandiza patsogolo. Komanso ngati muli ndi nyumba ija yolimiramo mbewu yagalasi kapena yapulasitiki, greenhouse, kapena mutha kuphimba mbewu ndi neti ya timabowo ting'onoting'ono, nkhani ya tatikulu imasintha chifukwa tilibe kothawira. Panja pa mtetete nde ayi, ndi ndalama zoponya m'mwamba.

Tsopano timphutsi, apa ndi pomwe ndalama yanga inagwira ntchito. Poyamba mukatiwona simungakhulupirire kuti ndi ana a kachikumbu kokongola kaja. Ndi totalika, totuwa moderako, msana wa tinthudzanthudza, m'mbali muli timadontho ta olenji, miyendo isanu ndi umodzi kutsogolo, kamchira kosongoka kumbuyo, kungokhala ngati kang'ona kakang'ono kwabasi. Anthu ambiri olima amatipha akatiwona pa masamba poyesa ndi tomwe tikuwononga mbewu, ndipo ndikukhulupirira kuti tomwe timafa ndi zala za eni madimba ndi tambiri kuposa tomwe timagulidwa. Tilibe mapiko. Pomwe mwakaika ndi pomwe kadyere, kakamaliza nthambi iyi kayenda wapansi kupita pa inayo, basi. Chimene mukulipira kwenikweni ndi chimenechi.

Kutiika kumafuna kudekha. Ine ndinkagwiritsa kabulashi kofewa kojambulira, kukanyamula kamodzikamodzi n'kukatsitsa pafupi penipeni ndi gulu la nsabwe, chifukwa timphutsi tating'ono sitiwona patali, timangoyenda kufufuza mpaka tigunde chakudya, nde mukakaika kutali katha kufa ndi njala nsabwe zili nthambi yachitatu. Pa mbewu zazitali ndinathira timapepala tija pamodzi ndi timphutsi m'tithumba tapepala n'kupachika pa nthambi kuti tizituluka tokha. Ndi zala musayese, n'tofewa, mungotiphwanya.

Ndinakhala pansi tsiku lina kuyang'anitsitsa kamodzi kali pa ntchito pa mphukira ya rozi. Kanafika m'mphepete mwa gulu la nsabwe zobiriwira, kanagwira imodzi ndi kukamwa n'kuitukula pang'ono, nsabwe ija miyendo ikuphiriphitha m'mwamba, iko kali duu kuyamwa mpaka inafwapa n'kutsala kachikopa. Zinzake zapambali sizinathawe n'komwe, zina zimangotukula matako n'kumapitiriza kuyamwa mbewu, zingapo zinadzigwetsa pansi. Kanataya kachikopa kaja, sitepe imodzi kutsogolo, kagwira ina. Tikadali tating'ono timayamwa chonchi, tikakula timatafuna nsabwe yonse osasiya kanthu. Kamphutsi kamafundula katatu, ndiye kuti kamadutsa masiteji anayi, ndipo siteji yomaliza ndi yomwe kamadya modabwitsa, kuposa masiteji ena onse. Pa moyo wake wonse wa umphutsi, womwe ndi masabata awiri kapena atatu kutengera kutentha, kamodzi kamadya nsabwe mazana angapo. Ndiye musakhumudwe masiku oyambirira mukaona ngati palibe chikusintha, tikakhala tating'ono timadya pang'ono, dikirani tinenepe muone. Pa rozi ndi tsabola nsonga zomwe zinali zodzaza zinayera, kungotsala timakoko toyera. Pa nyemba zinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha nyerere.

Nyerere ndi nkhani yomwe kapepala kawo kanangoikhudza mzere umodzi pomwe ndi imene imagamula ngati zitheke kapena ayi. Timadzi totsekemera tomwe nsabwe zimatulutsa nyerere zimatikonda kwambiri, nde zimaweta nsabwezo, kuzisisita ndi tinyanga kuti zitulutse, kuzilondera, nthawi zina mpaka kuzinyamula kupita nazo pa mphukira yatsopano. Kamphutsi kakangofika, nyerere zimakaunjirira, kukaluma, kukakoka miyendo mpaka kagwe pansi. Kachikumbu kakakulu kamatha kubisa miyendo n'kudzimata pa tsamba nyerere n'kumangoterereka pamsana, koma kamphutsi kalibe chigoba. Ngati mbewu yanu ili ndi mzere wa nyerere zokwera ndi kutsika, thanani nazo kaye musanatsegule kabokosi. Pa mitengo ndi mbewu za tsinde limodzi, guluu uja womata pa thunthu amagwira ntchito, mumakulunga kaye kapepala kapena tepi n'kupaka pamwamba pake kuti asawononge khungwa, ndipo muonetsetse kuti palibe nthambi yokhudza khoma kapena udzu chifukwa nyerere zipeza njira ina tsiku lomwelo. Za m'miphika n'zosavuta, mphika mumaukhazika pa chinthu chomwe chili m'mbale ya madzi. Pa nyemba zoyanga nde ndi ntchito ndithu, njira zokwerera n'zambirimbiri.

Ndipo ngati nsabwe zachuluka kale mopitirira, kabokosi kamodzi sikangakwanitse, masamu ake sagwirizana, nsabwe zikubereka mwachangu kuposa mmene timphutsi tikudyera. Yambani mwazitsuka ndi madzi amphamvu a paipi kapena dulani nsonga zoipitsitsa, mbewu iume, kenako muike timphutsi timalizitse zotsala. Mbali inayi nayonso ndi yoona, musaode nsabwe zisanabwere poti mukuteteza, tidzangodyana kapena kufa ndi njala. Nthawi yabwino ndi pomwe mwangoyamba kuona timagulu ta nsabwe apo ndi apo.

Kamphutsi kakakhuta kamasiya kuyenda, kamamata kumchira pa tsamba n'kudzipinda msana, chikopa n'kusintha kukhala cha olenji cha madontho akuda. Apa napo anthu amalakwitsa, amayesa ndi matenda kapena chitosi n'kukanda. Mukakakhudza kamadzuka mwadzidzidzi n'kugonanso, ndi njira yake yoopsezera adani. Pakatha pafupifupi sabata chikopa chimang'ambika n'kutuluka kachikumbu kachikasu mbee, kofewa, kopanda dontho olo limodzi. Madontho amayamba kuoneka patapita maola angapo, kufiira kumabwera pang'onopang'ono masiku otsatira. Ana akaona zimenezi sachokapo, ngati muli ndi ana kunyumba izi zokha n'zokwanira kugulira kabokosi. Kenako nato tatsopanoti timauluka, zimenezo nde musadabwe nazo, koma timakhala titagwira kale ntchito yomwe munatigulira.

Mankhwala. Ngati munapopera posachedwa musataye ndalama. Cypermethrin, dimethoate ndi ena otere sasankha, amapha nsabwe ndi tizikumbu tomwe, ndipo ena monga imidacloprid amalowa mkati mwa mbewu n'kukhalitsa, kachikumbu kamatha kuwapeza kudzera mu nsabwe yomwe kadya kapena mu mungu wa maluwa. Choipa kwambiri n'choti mukapopera, nsabwe zochepa zomwe zapulumuka kapena zobwera ndi mphepo zimaswana fasiti pomwe adani ake amatenga nthawi yaitali kuti abwerere, nde pakapita masabata mumapeza nsabwe zachuluka kuposa poyamba, inu n'kupoperanso, zikumangozungulira choncho. Madzi a sopo ndi abwinoko chifukwa akauma mphamvu yatha, komabe musathire pa timphutsi penipeni.

Kanyumba kaja sindichedwapo. Ndi kokongola, matabwa ake ndi abwino, kali ndi timipata topingasa ndi denga lopendekera, ndinakapachika pomwe anati ndikapachike. Analowamo ndi akangaude. Kachikumbu ka madontho asanu ndi awiri kumadera kozizira kamagona nyengo yonse yachisanu, koma malo omwe kamasankha ndi apansipansi, m'masamba ouma ogwa, m'zitsotso za udzu, m'ming'alu ya makungwa, mkati mwa zitsamba zothithikana. Kona imodzi ya dimba yomwe simunasese ndi yabwino kuposa kabokosi kopentedwa. Ogulitsa aja anaikamonso kapaketi ka ufa woti ukasungunula umakopa tizikumbu, ine kusiyana sindinakuone. Chimene ndimaona chikukopa ndi maluwa a dill, fennel, coriander amene mwamusiya achite maluwa, ndi marigold, chifukwa tizikumbu tatikulu nsabwe zikasowa timadya mungu ndi timadzi ta m'maluwa. Komanso nsabwe zenizenizo, dimba lopanda nsabwe olo imodzi kachikumbu kakatanimo? Chiwerengero chake chimatsatira chakudya basi. Ku Britain mu 1976 kunatentha modabwitsa, nsabwe zinaswana kwambiri, tizikumbu nato tinaswana mosaneneka, kenako mbewu zitauma nsabwe n'kutha, tizikumbu tanjala tinadzaza m'matauni ndi m'magombe a nyanja mpaka kumaluma anthu.

Tsopano chifukwa chomwe ndinanenera kuti muyang'ane dzina la sayansi. Anthu timaganiza kuti poti ndi kachilombo osati mankhwala nde palibe chingalakwike, koma mbiri ya malonda amenewa ili ndi mbali ziwiri. Mbali yabwino ndi yotchuka, cha m'ma 1888 minda ya malalanje ku California inali kutha ndi tizilombo tina toyera tomata pa nthambi tomwe tinachokera ku Australia, katswiri wa tizilombo Albert Koebele anatumidwa ku Australia komweko n'kukapeza kachikumbu ka mtundu wa ladybird kotchedwa vedalia, ndipo m'kanthawi kochepa minda ija inapulumuka. Kuyambira pamenepo aliyense ankafuna kusamutsa tizikumbu. Mbali inayo ndi ya Harmonia axyridis, ambiri amati harlequin, kochokera kum'mawa kwa Asia. Anakabweretsa ku America ndi ku Europe dala kuti kazidya nsabwe, ku Europe kankagulitsidwa ndithu m'mabokosi ngati momwe ine ndagulira tangati. Kanathawa, kanafalikira, ku Britain kanafika mu 2004 ndipo m'zaka zochepa kanali ponseponse. Kamadya nsabwe inde, koma kamadyanso mazira ndi timphutsi ta tizikumbu tina, moti ka madontho awiri, Adalia bipunctata, kanachepa kwambiri m'madera ambiri. Nyengo yozizira kamalowanso m'nyumba za anthu mwaunyinji.

Ngakhale ka madontho asanu ndi awiri komwe ndikukayamikiraka, ku North America ndi kachilendo. Anayesa kukatulutsa kumeneko kambirimbiri kuyambira m'ma 1950, mu 1973 anakapeza katakhazikika ku New Jersey, lero kali pafupifupi paliponse ku United States ndi kum'mwera kwa Canada. Nthawi yomwe kankafalikira ndi yomwenso ka madontho asanu ndi anayi, Coccinella novemnotata, komwe ndi kachilombo koimira boma la New York, kanasowa mpaka akatswiri a ku Cornell University anayambitsa ntchito yopempha anthu wamba kuti azitumiza zithunzi akakaona. Nde kachikumbu komweko kwina ndi kothandiza kwina ndi kolanda malo. Ine ndisanaode ndinaonetsetsa kaye kuti mtundu umenewu umapezeka kale mwachilengedwe komwe ndikulima. Inunso chitani chimodzimodzi, ndipo zooda tizilombo tamoyo kuchokera dziko lina musayerekeze musanafunse a zaulimi kwanuko, maiko ambiri ali ndi malamulo pa zimenezi. Wogulitsa amene wangolemba kuti ladybird osatchula mtundu, ameneyo mulambalaleni. Pa ichi shopu yanga ndiipatsa ulemu, dzina linali pa peji, pa lebo ndi pa risiti pomwe.

Funso lina lofunsa ndi loti ndi toweta kapena totola kutchire. Totola timatha kubwera ndi matenda ndi tizilombo tina mkati. Pali kamavu kakang'ono, Dinocampus coccinellae, kamene kamaikira dzira mkati mwa kachikumbu kakakulu, mphutsi yake n'kumakula momwemo, ikakhwima imatuluka n'kuluka kachikwa pakati pa miyendo ya kachikumbuko, iko kakadali moyo koma kouma ziwalo, kamangokhala pamwamba pa kachikwako n'kumanjenjemera china chikayandikira, kulondera mwana wa mdani wake. Mukaona kachikumbu kaima malo amodzi masiku angapo, suzumirani pansi pake. Zimenezi zimachitika m'chilengedwe ndithu, koma palibe chifukwa choti muchite kulipira kuti akutumizireni.

Zing'onozing'ono zina zoti mudziwe. Mukagwira kakakulu kamatha kudzifetsa dala, miyendo kupinda, n'kutulutsa timadzi tachikasu tonunkha m'mfundo za miyendo. Si mkodzo, ndi magazi ake, ndi owawa ndipo ndi amene amachititsa mbalame zambiri kukasiya, kufiira kuja ndi chenjezo. Kwa munthu si oopsa koma amathimbiriritsa nsalu yoyera, sambani m'manja basi. Komanso si ladybird aliyense amene ndi mnzanu, pali gulu la Epilachna lomwe limadya masamba a nyemba, maungu ndi mbatata n'kusiya timitsempha tokhatokha, ambiri mwa amenewa msana wawo suwala, umakhala ngati wa fumbi, ndipo mphutsi zawo ndi zachikasu zaminga. Wodya nsabwe mumupeza pomwe pali nsabwe, wodya masamba mumupeza pa tsamba lobooka.

Pa nkhani ya mtengo sinditchula manambala poti zimasiyana malo ndi malo, koma kunena zoona si zotchipa mukayerekeza ndi botolo la mankhwala, ndipo ndalama yotumizira mwachangu imawonjezera kwambiri. Kwa munthu wa munda waukulu sizingatheke, mungafunike mabokosi osawerengeka, kumeneko chanzeru ndi kusamala tizikumbu tomwe tilipo kale posapopera mwachisawawa. Kwa wa mbewu za m'miphika, wa greenhouse, wa maluwa ochepa kapena timitengo ta zipatso tating'ono, makamaka kumayambiriro kwa nyengo pomwe nsabwe zafika koma adani ake sanafike, timphutsi timathandiza zenizeni. Pa nyenyezi zisanu, timphutsi ndipereka zinayi, tatikulu ziwiri chifukwa cha mazira aja, kanyumba imodzi ya ukalipentala.

Nditawalembera a kushopu kuja za nyerere ndi za timphutsi tomwe tinafika takufa anayankha msanga ndipo mwaulemu, amene anayankhayo ankaoneka kuti zinthuzi amazidziwa osati kungokopera mayankho okonzeratu, anafotokoza za guluu wa pa thunthu bwinobwino kuposa kapepala kawo. Ndinawauza kuti zimenezo azilembe pa peji yogulitsira anthu asanalipire. Chinanso chomwe ndinawapempha n'choti azinena siteji ya timphutsi tomwe akutumiza, chifukwa tongoswa kumene timafa mosavuta panjira koma tili ndi masiku ambiri odya kutsogolo, pomwe timphutsi tokulirapo tomwe tatsala pang'ono kudzimata timafika tamphamvu koma tidya masiku ochepa n'kusiya. M'kabokosi kanga munali tosakanikirana, tina tinadzimata pa tsamba ndisanaone n'komwe ntchito yake. Anati akauza anzawo, kaya asintha kaya ayi, koma inu mukamaoda funsani zimenezi pa meseji musanalipire.